Tsiku Limene Mawu a Mng'ono Wanga Anathyoka

1

Mukandipeza Lamlungu nditakhala pa limba, msana uli kwa anthu, zala zikuyenda mwaulemu, mungati mayi uyu akangofa akalowa kumwamba osagogoda. Kutchalitchi kwathu amanditcha Mayi a Limba, ndipo ena amachita kupinda bondo pondipatsa moni. Zimandinyansa. Nkhani iyi yandikhala pakhosi zaka ziwiri, lero ndiilavula basi, wofuna kunditukwana anditukwane.

Ndaliza limba m'tchalitchi chimenechi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amuna anga anali kwayamasitala, munthu wodziwa kuponya manja m'mwamba mpaka azimayi a mabenchi akutsogolo kuiwala chimene abwerera. Khutu ndiye analibe. Kiyi ya nyimbo itsike kapena ikwere, iwo samamva kanthu, ankadalira ine.

Woliza limba amafulatira kwaya, choncho pamwamba pa limba timaikapo kagalasi koonera dzanja la kwayamasitala. Anthu amaiwala kuti kagalasiko kalipo. Amayasamula, amatsinana, amasenda maswiti nthawi ya pemphero, poganiza kuti kumsana kulibe maso. Ine ndimaona zonse.

Kunyumba tinkakhala ndi mng'ono wanga, chitsiriza m'mimba mwa amayi athu, amene tonse timangomutcha Mzime. Amayi anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ine ndinamutenga. Manotsi ndinamuphunzitsa ndekha pa tebulo la kukhitchini, ndikumenya supuni pa kapu. Atakula anakhala sopulano woti akatsegula pakamwa ngakhale ana olira m'tchalitchi ankatonthola.

Chaka chimenecho konsati yathu inali yaikulu kuposa zonse. Gawo loyamba ndinayenera kuliza limba ndekha, chinthu chimene ndinachikonzekera chaka chathunthu. Koma nkhani imene inali m'kamwa mwa aliyense inali ya Mzime. Aphunzitsi awiri a kusukulu ya zoimbaimba ya mumzinda waukulu analonjeza kudzamumvera. Anali ndi malo amodzi okha a wophunzira mwaulere, ndipo mwana wopitirira zaka makumi awiri ndi ziwiri samulandira. Mzime anali atatsala ndi miyezi inayi kuti apitirire.

2

Lachinayi lina masana, pulakatisi itatha, anthu anatuluka ine n'kutsala pa limba kubwereza nyimbo yanga yovuta ija. Nditakweza maso, m'kagalasi ndinaona khomo la kachipinda kovalira kwaya. Pakhomopo panali Mzime atagwira mkono wa jekete la amuna anga. Ankalankhula nkhope ili pafupi ndi yawo, misozi ili mbwembwembwe. Amuna anga anamugwira manja onse awiri, akumugwedezera mutu ngati munthu wopempha.

Zala zanga sizinaime. Ndinangowonjezera mphamvu mpaka mawindo kunjenjemera, kuti asadziwe kuti ndaona.

Ndinadziuza kuti mwina ndi mantha a konsati. Sabata yotsatira ndinaonanso zomwezo, pakhomo lomwelo. Sabata yachitatu Mzime anawamenya pachifuwa ndi buku la nyimbo, iwo n'kumukokera m'kachipindamo, chitseko n'kutsekeka. Anakhalamo mphindi zisanu. Ndinaziwerenga pa wotchi ya pakhoma, phazi likuponda limba, mtima ukuwira.

Ndiyeno zinthu zina zinayamba kulumikizana m'mutu mwanga. Masiku amenewo amuna anga ankachedwa kubwera kuchokera kuntchito. Anali ndi malaya atsopano awiri, osokedwa mowakwana bwino, amene sindinawagule ine. Mzime naye anasiya kudya nafe pa tebulo. Alamu ake akalowa pabalaza, iye ankanyamuka.

3

Loweruka m'mawa ndinawapeza pakhonde akupolisha nsapato.

“Bambo, pali chiyani pakati pa inu ndi Mzime?”

Bulashi inaima. Sanandiyang'ane msanga. Kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu wolemera.

“Mayi, ndimaopa kukuuzani. Ndimati ndikusungireni mtima mpaka konsati ithe.”

“Lankhulani.”

“Mwana uja akundivuta. Miyezi itatu tsopano. Akuti amandikonda, akuti inu mwakalamba, mumakonda limba kuposa ine. Ndamukana mpaka ndatopa. Tsopano akundiopseza kuti ndikapanda kulola andipekera nkhani, akuuzani kuti ndili ndi chibwenzi kunja.”

“Mzime? Mwana amene ndinamusambitsa ndi manja awa?”

“Yemweyo. Mudzaona, ikangotha konsati abwera ndi bodza lakelo. Chonde musamufunse panopa, mungasokoneze zonse. Anthu agula kale matikiti.”

Ananena zimenezi maso ali gwa, nsapato ili m'manja. Zaka makumi awiri ndikugona nyumba imodzi ndi munthu ameneyu, ndinkati ndimamudziwa mpaka kutsokomola kwake. Ndinawakhulupirira, ndipo ndinafika powamvera chisoni. Ndinawaphikira tiyi, chitsiru ine.

Madzulo ake Mzime anandipeza kukhitchini ndikutsuka mbale. Anaima pakhomo akupotokola nsonga ya bulawuzi.

“Achemwali, konsati ikatha ndili nanu mawu. Ndi nkhani yovuta.”

“Ndikudziwa,” ndinatero osatembenuka.

“Mukudziwa?”

“Kaimbe kaye. Zinazo tidzakambirana.”

Anachoka. Mbale imene inali m'manja mwanga ndinaifinya mpaka inang'aluka. Zimene ananena amuna anga zinali zitayamba kale kuchitika, ndendende. Ndinakumbukira madiresi amene ndinadzimana kuti iye avale, maulendo a kuchipatala nditamubereka kumbuyo, zaka zonse zimene ndinali mayi wake ndisanakhale mayi wa wina aliyense. Ndinati mwana uyu akufuna kundilanda nyumba, kenako akwere basi kupita kusukulu anthu akumuombera m'manja. Ndinalumbira kuti sizitheka.

4

Konsati inayamba Loweruka nthawi ya 3 koloko masana. Mabenchi anadzaza, ena anaima m'mawindo. Aphunzitsi aja anakhala benchi loyamba, bambo wa magalasi ndi mayi wa imvi, aliyense kope lake pa ntchafu.

Ndinaliza nyimbo zanga zinayi osaphonya noti ngakhale imodzi. Mkwiyo umaongola zala, musanamizidwe. Anthu anaimirira kuomba m'manja. Kwaya inaimba nyimbo zisanu ndi imodzi, amuna anga akuuluka ndi jekete lawo ngati khwangwala. Kenako panatsala nyimbo yomaliza, ya Mzime yekha ndi limba.

Pakati pa nyimbo ya kwaya ndi ya Mzime panali kamphindi koti anthu atsokomole, kwaya ikhale pansi. Kamphindi kameneko mukasunge, ndibwererako.

Nyimbo yake inali yokwera ngati masitepe, ndime iliyonse kupitirira inzake, ndipo kumapeto kunali noti imodzi ya pamwamba penipeni yoti aigwire nthawi yaitali. Miyezi isanu ndi umodzi tinaigwirira ntchito noti imeneyo. Ankaifika bwino, koma pamwamba pake panalibenso malo.

Anaimirira mu diresi loyera. Nditangoliza mawu oyamba, m'kagalasi ndinamuona akutembenuza mutu kuyang'ana kwa ine. Ndinatsitsa maso.

Ndime yoyamba anaimba bwino. Yachiwiri mitsempha ya m'khosi inatuluka, dzanja lake linagwira m'mimba. Atafika pamwamba paja, mawu anathyoka. Panatuluka kaphokoso ngati ka chitseko chadzimbiri. Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumutsatira. Mzime anakoka mpweya nayesanso, koma panangotuluka mpweya womwewo. Ine ndinapitiriza kuliza mpaka noti yomaliza, mwaulemu, ngati palibe chachitika.

Mayi wa imvi uja anatseka kope lake. Mzime anawerama pang'ono, n'kutuluka pakhomo la m'mbali osathamanga.

Ndalonjeza kunena zoona, ndiye ndinene: ndinamva kukoma. Panja anthu ankati ndi mantha, ena ankati ndi matama, mwana anadzimva kwambiri. Ena anabwera kudzandipepesa ine. “Pepani Mayi a Limba, mwana wakuchititsani manyazi, inu mutaliza bwino chonchija.” Ndinkangogwedeza mutu.

Kalata ya aphunzitsi inabwera patatha sabata. Anati mawu Mzime ali nawo, koma woimba wosadziwa malire a mawu ake sanakhwime. Malo anapatsa wina. Tsiku lomwelo Mzime analongedza chikwama n'kupita kukakhala kwa mnzake. Mawu aja anati ali nane sananene, ndipo ine sindinafunse.

5

Patatha mwezi, Lolemba m'mawa, pakhomo panagogoda munthu. Anali mayi amene ankasoka mayunifolomu a kwaya, woimba alito m'kwayamo, amene tonse timamutcha Mayi Telala. Mwamuna wake anamusiya kalekale. Anali atanyamula jumbo la mayunifolomu, maso atatupa.

“Ndabweretsa izi. Kwaya ndasiya.”

“Bwanji simunakapereke kwa a Kwayamasitala?”

“Sakuyankha foni yanga. Sabata zitatu tsopano.” Anakhala pa mpando ndisanamuuze. “Mayi, ine ndatopa kubisa. Ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Ndi pa amuna anu.”

Ndinaseka. Sindikudziwa kuti kusekako kunachokera kuti.

“Mwatumidwa ndi Mzime eti?”

“Mzime? Mwana ameneyo sandipatsa n'komwe moni. Ndi amene anatipeza ku shopu kwanga, tsiku limene anabwera kudzayesa diresi lake. Anandilavulira kumapazi. Anauza amuna anu kuti akuwapatsa mpaka konsati ithe, akapanda kukuuzani okha adzakuuzani iye. Ankati safuna kukuswani mtima musanalize nyimbo zanu, poti munazivutikira chaka chonse. Pulakatisi iliyonse ankawakumbutsa. Kwaya yonse imamva akukangana m'kachipinda muja.”

“Kwaya yonse?”

“Aliyense akudziwa, mayi. Anthu amangokuopani.”

Anthu makumi anayi! Anthu amene ndimawapatsa kiyi Lamlungu lililonse, amene ndalizira pa maukwati awo ndi pa maliro a makolo awo. Ankandipindira bondo m'mawa, masana n'kumakandidya m'nyumba zawo. Mwa onsewo, amene anandimenyera nkhondo anali mmodzi yekha.

Amuna anga atabwera masana kudzadya anapeza malaya awiri aja ali pa tebulo, nditawadula ndi lumo mizeremizere.

“Mayi, ndi chiyani ichi?”

“Telala wanu anabwera. Akasokenso.”

Anakhala pansi. Anayamba za Satana, za kufooka kwa thupi, za kuti tonse ndife ochimwa.

“Za chigololo chanu ndilibe nazo nthawi,” ndinatero. “Ndiuzeni za Mzime. Munayang'ana nkhope yanga n'kunamizira mwana wamasiye, kuti akadzanena zoona ndidzamuone ngati hule?”

“Ndinachita mantha, mayi. Ndinalibe pothawira. Komabe palibe chimene chinamuchitikira chifukwa cha mawu angawo. Kulephera kuja analephera yekha.”

Pamenepo ndiye ndinakuwa mpaka aneba kutuluka. Ndinawaponyera nsapato zawo zopolisha zija panja, imodziimodzi. Iwo ankaganiza kuti ndikukuwira iwo okha.

6

Tsopano tibwerere ku kamphindi kaja.

Limba lathu ndi lamagetsi. Kumanzere, pansi pa makiyi, kuli kabatani kopotokola. Ntchito yake ndi kuthandiza mpingo: nyimbo ikakhala yokwera kwambiri kwa okalamba, umapotokola, limba lonse limatsika, zala zako zikuyenda malo omwewo. Ukapotokolera mbali inayo limakwera. Woonera saona kusiyana kulikonse.

Kwaya ikukhala pansi, anthu akutsokomola, ndinatsitsa dzanja lamanzere n'kupotokola kabataniko katatu, kukweza. Ndinadziwa bwino pamene mawu a mng'ono wanga amathera, chifukwa ndine ndinawayeza kuyambira ali mwana. Ndinaika noti ija pamene sakanafika ngakhale akanaimba ndi magazi. Nyimbo itatha ndinabweza kabataniko anthu asanadzuke. Amuna anga ndi khutu lawo lija sanamve kanthu. Aphunzitsi sankadziwa kiyi imene tinkaphunzirira. Palibe anandiona.

Mzime ndinakamupeza ku shopu ya fotokope kumene anayamba ntchito, kachipinda kotentha konunkha inki. Munali kasitomala mmodzi, ndinadikira atuluke.

“Mzime, Mayi Telala anabwera. Ndamva zonse. Alamu ako anandinamiza kuti iwe umawafuna.”

Manja ake anaima pa mapepala. “Ine? Ndipo inu munakhulupirira?”

“Ndinakhulupirira. Koma si zokhazo. Pali chimene ndinachita tsiku la konsati.”

“Katatu,” anatero.

“Wati chiyani?”

“Munapotokola katatu, achemwali. Ndinamva mutangogunda koyamba. Mwandiphunzitsa ndinu kumva kiyi, mumati ndingasokere?”

“Nanga bwanji sunaime? Ukanangokweza dzanja, n'kunena kuti limba lakwera!”

“Pamaso pa tchalitchi chonse? Anthu angomaliza kukuomberani m'manja, ine ndinene kuti Mayi a Limba alakwitsa? Poyamba ndinati mwina mwagunda ndi bondo, muzindikira, mutsitsa pa ndime yachiwiri. Ndinakuyang'anani. Munabisa maso. Pamenepo ndinadziwa kuti ndi dala. Chimene sindinkadziwa ndi chifukwa chake. Mwezi wonse ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinawalakwira chiyani achemwali anga. Kani ndi zimenezi? Simukanandifunsa?”

“Ndikhululukire, mwana wa amayi.”

“Musawatchule amayi muno.” Anatsegula chivundikiro cha makina, n'kuikapo pepala. “Tulukani, mukunditsekera makasitomala.”

7

Lamlungu lotsatira ndinaimirira pamaso pa akuluakulu a mpingo n'kuulula. Mukudziwa zimene anachita? Anati nkhani imeneyi ithere m'chipinda momwemo, ingaipitse mbiri ya tchalitchi, komanso palibe wina wodziwa kuliza limba. Amuna anga anawachotsa pa ukwayamasitala, ine anandipempherera n'kundibwezera pa mpando. Mpaka lero anthu akuti Mzime anachita mantha. N'chifukwa chake ndalemba kuno, kumene akuluakulu sangatseke chitseko.

Ndinalembanso kalata kwa aphunzitsi aja, kufotokoza zonse osabisa. Yankho linachedwa, koma linabwera. Mayi wa imvi uja anati ngakhale zaka zapitirira, adzamumveranso kamodzi, tsiku lililonse limene angasankhe. Ndinathamanga nayo kalatayo ku shopu ngati mwana, thukuta lili kamukamu.

Mzime anaiwerenga kawiri. Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera.

“Pita, Mzime. Mawu ukadali nawo.”

“Mawu ndili nawo, ee. Ndinayesa kwaya ina miyezi yapitayi. Limba likangoyamba, khosi limatseka. Ndimayamba kumvetsera ngati wolizayo sakunditchera msampha, mpaka polowera pandidutsa.”

“Tidzaphunzira pang'onopang'ono. Ine ndidza...”

“Inu mudzatani?” Anandiyang'ana m'maso koyamba chichokereni kunyumba. “Kufikira tsiku lija, moyo wanga wonse ndinali ndisanaimbepo ndi woliza limba wina. Ndinkaimba osaopa chifukwa kumbuyo kwanga kunali inu. Tsono ndiuzeni, achemwali, ndikapita kumeneko akandilizira ndani?”

Ndinaika kalatayo m'chikwama n'kutuluka.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ena mukuti wolakwa ndi mwamuna uja. Ndi wolakwadi, ndipo ndikamuona pamsewu malovu amandiwawa. Kwaya ija nayonso sindinaikhululukire. Koma bodza lake likanafa tsiku lomwelo ndikanangoyenda masitepe khumi kuchoka kukhitchini kupita kuchipinda cha mng'ono wanga n'kumufunsa. Safunsa anadya phula, koma ine phula langa ndinadyetsa mwana wosalakwa. Mukamva zoipa za m'bale wanu, ngakhale wonenayo akhale amene mumafunda naye bulangete limodzi, pitani mukamufunse mwini wake, mukalipirane, mutukwanane ngati n'kofunika. Musamulange mwakachetechete ndi luso limene iye amakudalirani nalo. Pepani sapoletsa chilonda, ndayesa kambirimbiri.

Kalata ija idakali m'chikwama changa. Mwezi uliwonse ndimapita nayo ku shopu kuja, ndimapereka pepala lililonse kuti andijambulire, kuti ndingomva mawu ake. Amangondifunsa kuti, “Makope angati, mayi?”